Makina a Kumpanda Kwathu

Aneba athu ku Chilomoni atamanga dziwe losambiramo, makina otenthetsera madzi anawaika kutali ndi kuchipinda kwawo, n'kuwagunditsa kumpanda wathu. Phokoso lake tinalipirira, tinkati ndi anthu okhala nawo pafupi.

Tsiku la maliro a bambo anga, owotcherera zitsulo anatseka shedi yawo, ngakhale wapashabini anazimitsa wailesi. Koma chimakina chija chinkangolirabe, moti abusa ankachita kukuwa polalikira, anthu osamva kanthu.

Ndinapita kukagogoda pageti pawo.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene," anatero anebawo, "koma tikazimitsa, madzi azizira."

Masana anabwera kudzakhuza maliro atavala jekete lakuda, tsitsi likadali lonyowa. Anandipatsa dzanja. Ine ndinangoliyang'ana mpaka analibweza okha m'thumba.