Chikwama cha Mayi a Lucia

Grayson Kamchacha ndi dalaivala wa banja lina ku Al Markhiya, kutsidya kwa nyanja kudziko la eni, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kudikira. Amadikira pachipata cha sukulu, amadikira kusaluni, amadikiranso panja pa masitolo aja oti ngakhale mlonda wake amanunkhira pefyumu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye mwana wa ku Mponela ameneyu anadekha mpaka anatuluka kamimba. Sadandaula. Amati kudikira m'galimoto yozizira n'kwabwino kusiyana ndi kudikira mvula.

Tsiku lina bwana wake wamkazi, Mayi Raihana, akupungula za m'kabati, anamuninkha chikwama chachikopa kuti akapatse mkazi wake. Chinali chenicheni, chosokedwa ku Ulaya, ndipo Grayson yemweyo ndi amene anawaperekeza kokagula. Chigulireni chinkangogona m'kathumba kansalu, osaona dzuwa.

Anachitumiza kudzera mwa mnzake wopita kutchuthi, mtima uli dyokodyoko kudikira nthungululu za mkazi wake Ndaziona. Nthungululuzo sizinamveke.

"Chafika, bambo a Lucia, zikomo," anatero Ndaziona pafoni. "Komatu zimenezi zangoti mbwee mumsika ku Lilongwe. Mayi a Brave oyandikana nafewa ali nacho, zilembo zake zomwezi."

"Iyayi mayi, chimenecho ndi original! Wallahi, ndikulumbira, ndinali konko ku mall pogula."

"Eya, nawonso mavenda amatero."

Zinamuwawa Grayson. Munthu kusiya ana, kukapsa ndi dzuwa la eni, ndiye kanthu kamodzi kenikeni kamene watumiza akakaike m'gulu la zachinyengo! Anajambula sitoloyo, anajambula zitseko zake zagalasi, natumiza zonse. Ndaziona ankangoseka.

Dzinja linadutsa. Lachisanu lina, tsiku lake lopuma, Grayson ali pabenchi m'mbali mwa nyanja ku Corniche anaimba foni ya vidiyo. Anapeza mkazi wake akuchokera kumvano, chikwama chili m'khwapa, m'kati muli buku la nyimbo, mtedza ndi mankhwala a mwana.

"Koma feki iyi ndi yolimba," anatero Ndaziona. "Cha Mayi a Brave chinasupuka kalekale, zipi inatha. Kapena munkanena zoona? Ngati chili chenicheni ndiuzeni, ndikachiike m'sutikesi. Chinthu chotere sichopita nacho kuchigayo."

Mawu amene anawadikira miyezi yonseyi anali atafika. Koma sutikesi imeneyo Grayson amaidziwa. Imakhala pansi pa bedi, ndipo ndi mmene munathera nsapato zimene anatumiza chaka choyamba. Zikudikira ukwati wa Lucia, mwana woti sanamalize n'komwe pulayimale, ndipo zinayamba kale nguwi. Paja kwathu chinthu chabwino timachilemekeza pochitsekera.

Anayang'ana mkazi wake, thukuta lili pamphumi, chikwama chikumukhala ngati anabadwa nacho. Anamukonda kwambiri nthawi imeneyo, moti kupambana mkangano kunasanduka nkhani yachabe.

"Ndi feki, mayi a Lucia," anatero. "Khalas, nkhani yatha, mwandigwira. Muziyenda nacho basi."

"Ndinadziwa ine!" anakuwa Ndaziona, kenako anaponyamo tomato amene anagula panjira.

Mpaka lero ku Mponela amamudziwa Grayson ngati bambo wodziwa kusankha feki zolimba, ndipo iye satsutsa. Amadikirabe panja pa masitolo aja. Zithunzi zochokera kumudzi zikalowa mufoni, amayamba wayang'ana m'khwapa mwa mkazi wake.