Tinalipira Kuona Njovu, Tikufuna Manda

Basi yopita ku Embangweni inanyamuka pa Mzimba Boma sikisi koloko m'mawa, Lachisanu lina la mwezi wa Ogasiti, ndipo ine ndinakwera mtima ukuwira kale. M'thumba la jekete munali khadi la chipani, poti masiku amenewo wopanda khadi basi ankangoionera kumsana. Munalinso kalata yochokera ku ofesi yoyang'anira nkhalango ya nyama, ndipo kalatayo ndiyo inkandiwiritsa mtima.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ntchito ya ulangizi wa ziweto inandiponya ku Mzimba, komwe ndinakwatira NyaTembo. Anthu akwawo anasamutsidwa m'mudzi wawo wa m'mbali mwa mtsinje, kumwera kwenikweni kwa boma la Mzimba, pamene nkhalango ya nyama inkakuzidwa. Anakawatula pafupi ndi Embangweni pamodzi ndi mbuzi zawo, koma manda anatsala. M'mandamo munagona Tamala, mkulu wake wa mkazi wanga, amene anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka khumi. Mkazi wangayo anali atapita padera kawiri, ndipo apa anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Apongozi anga, a NyaZgambo, anali mayi wa mvano wosajomba kutchalitchi, koma pa ichi sankatembenuzika: ati Tamala akudandaula kuti anasiyidwa ndi afisi popanda womusesera, choncho apite akasese, akamuuze za mimbayo mwana asanabadwe. Maso awo anali atayamba ng'ala, ndiye nthawi inkatithera mbali ziwiri.

Ndinalemba makalata atatu ku ofesi ya nkhalango ija. Yankho lake linali loti palibe lamulo lolola munthu kulowa m'nkhalango kukaona manda, koma aliyense ndi wolandiridwa kukaona nyama, bola akagone pa msasa wa alendo wa m'mbali mwa mtsinje, K14 munthu mmodzi usiku umodzi. Tamvani zimenezo. Mayi kukaona mwana wake ayi, koma kukaona matako a mvuu, takulandirani.

Mayi woyembekezera saponda kumanda, alamu anga anali ku Kitwe, ndiye chingwe chinagwera ine. Kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera amapatukira m'tchire, ndipo kwawonso mwambo sunasiyane kwenikweni. Zaka zinayi zonse a NyaZgambo anali asanandiyang'anepo kumaso kapena kundiyankhula mwachindunji.

M'basi muja ndinalipira K1.10. Msewu unali wa makwinya okhaokha, moti nkhuku zomwe zinali pansi pa mpando wanga zinatopa nako kulira. Tinafika pa Embangweni cha m'ma naini koloko tonse tili ofiira ndi fumbi. Apongozi ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, pafupi ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, atanyamula tsache latsopano lokulungidwa m'chitenje. Atandizindikira anatembenuzira nkhope kumbali nkuyankhula ndi wa zitumbuwayo.

"Muwauze akweni kuti yewo chomene, afika."

Akweni ndiye mkamwini m'chiyankhulo chawo. Wa zitumbuwa anandiuza, ine ndili chilili pompo, nanenso ndinamutuma kuti awauze amayi kuti ndapeza lole. Pa ntchito yotanthauzirayo anatigulitsa zitumbuwa zisanu ndi chimodzi.

Lole inali ya chimanga, 80 tambala mutu umodzi, ndipo inanyamuka cha m'ma wani koloko. Apongozi anakhala kutsogolo, ine pamwamba pa matumba. Dalaivala ataona tsache anafunsa ngati tikukasesera njovu pakhomo, koma palibe anamuseka. Tinaima kawiri kuthira madzi mu injini, kenaka anatitsitsa pa geti ya nkhalango itadutsa filii koloko. Pamenepo tinalembetsa mayina m'buku, ndipo pa mzere wofunsa cholinga cha ulendo ndinalemba bodza loyamba la moyo wanga pa pepala la boma: kuona nyama.

Landirova ya msasa inabwera ndi mlonda wa nyama, bambo waimvi wonyamula mfuti, dzina lake a Mhango. Msewu wawo unali watsopano, wolowera mbali imene apongozi sankaidziwa, ndipo ndi maso awo aja sankaona patali. Tinafika dzuwa litapendeka.

Ndisaname, malowo ndi okongola. Matenti asanu obiriwira anandandalika pansi pa mitengo ikuluikulu yothithikana, moyang'ana mtsinje. Tinjira tonse tinali ndi miyala yopaka laimu mbali zonse ziwiri, ndipo m'madzimo mvuu zinkafwenthera ngati madoda okhuta mowa. Bwana wake anali mzungu wa kabudula, wodziwa Chichewa chapatalipatali, ndipo anatilandira ndi kudzitama.

"Malo ano ndinasankha ndekha. Mtsinje wonse uno anthu anadula mitengo. Pano pokha sanakhudze ngakhale nthambi imodzi."

Mwana wa Mchewa ngati ine ndinayenera kudzidzimuka pomwepo. Koma sindinamve bwino, chifukwa bamboyo anapitiriza ndi mawu amene anandikwiyitsa: "Anthu awiri, tenti imodzi. Nambala filii."

"Bwana, awa ndi apongozi anga."

"Palibe vuto. Mabedi ndi awiri."

Ndinamufotokozera mofatsa, kenaka mosafatsa. Iye ankangobwereza za mabedi awiri ngati kuti vuto langa ndi masamu. A Mhango ankayang'ana kumtsinje, mapewa akugwedera ndi phwete. Mapeto ake apongozi analowa okha mu nambala filii, ine nkukapatsidwa malo m'shedi ya madalaivala pa matumba a makala, nditalipira bedi la nsalu zoyera. Pa chakudya cha madzulo anatiyalira tebulo loti tikhale maso ndi maso. Apongozi ananyamula mbale yawo nkukadyera kuseri kwa khitchini. Ine ndinatsala ndi supu wamadzimadzi, masamba osaphika ndi nyama yofiira m'kati, yoti kuntchito kwanga ndikanailemba kuti ikadali ndi mwayi wochira.

Hafu pasiti faifi m'mawa tinakwera Landirova pamodzi ndi azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, makamera ali lendelende m'khosi. Tinaona mbawala, njati, anyani, kenaka njovu zisanu ndi ziwiri zikuwoloka mtsinje. Azungu aja anachita kugwirana manja. Apongozi anasuzumira kwa nthawi, nkuuza a Mhango: "Muwauze akweni kuti izi ndi zija zinkatidyera chimanga. Lero zakwezedwa pa udindo."

Cha m'ma seveni tinatulukira pamalo pomwe panali mitengo ya mango isanu ndi umodzi yoima pamzere, pakati pa udzu wautali. Mango samera pamzere okha. Apongozi anagogoda denga la galimoto kuti tiime, ndipo anafuna kutsika, koma a Mhango anati lamulo silikulola mlendo kuponda pansi. Choncho anaimirira m'galimoto momwemo, atagwira chitsulo, nkuyamba kuwerenga mudzi wawo ndi chala: apa khola, apa nkhokwe, apo nyumba ya amfumu. Kenaka chala chija chinatembenukira kumadzulo.

"Manda ali uko, pokhota mtsinje, pa mitengo ikuluikulu. Muwauze akweni kuti tipite kumeneko."

Ndinatsatira chalacho ndi maso. Pokhota mtsinje, pansi pa mitengo ikuluikulu, utsi wa khitchini ya msasa wathu unkakwera. Ndinatembenukira kwa a Mhango. Iwo anali atazyolika, akupukuta mfuti yoyera kale.

Apo mpamene mawu a bwana uja anandibwerera. Inde, anthu sanakhudze ngakhale nthambi imodzi. Ndani amadula mtengo wa kumanda? Munthu wadzera kutali, waona mthunzi wabwino, nkuganiza kuti anthu akuda anauiwala.

Titabwerera, apongozi anavula nsapato asanatsike. Anayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka miyala yoyera ija, akuwerama nkumaigwira umodziumodzi. Inali miyala ya pamitumbira. Pakhomo pa chisakasa chodyera anaima. Pamenepo panali mwala wafulati wokumbika pakati, wothiridwa madzi kuti mbalame zizimwa alendo nkumajambula. Anagwada, anataya madziwo, nkuyendetsa chikhatho m'mphepete mpaka anapeza pamene panabenthuka.

"Mphero yanga iyi," anatero, osauza munthu aliyense. "Tamala ankakonda kuperapo mawere. Ndinamuikira kumutu."

Ine magazi anandikwera. Ndinapita kwa bwana uja, amene ankathira tiyi, nkumufunsa ngati kwawo amadyera mazira pamwamba pa agogo awo. Iye anafiira, nati malowo anapatsidwa ndi boma, mapepala alipo, ndipo palibe anamuuzapo za manda. Ndinakweza mawu kufunsa kuti nanga amene ankazula miyalayo analibe pakamwa? A Mhango anandigwira mkono nkundikokera pambali.

"Achimwene, tsitsani mawu, ndapota. Mukatchula boma kawiri pano, akakutsekerani, mwana mukuyembekezerayo mudzamuona ali kusukulu." Kenaka anapitiriza monong'ona: "Pozula miyala ndinalipo. Tonse tinkadziwa. Mbwenu aliyense ankadikira kuti anene mnzake."

Ndinafuna kuwatukwana. Koma ndinakumbukira zimene ndinalemba m'buku la pa geti dzulo lake, ndipo ndinabwerera pomwe panali apongozi.

Apongozi anafunsa a Mhango ngati akukumbukira pomwe anachotsa mpheroyo. Iwo anati akukumbukira, chifukwa anainyamula okha ndipo inawatswa msana. Anatitsogolera, tinadutsa tenti yoyamba, yachiwiri, nkukaima pa yachitatu. Analoza pansi pa nsalu, mbali yomwe kunali bedi lakumanzere.

Ndinkayembekeza kuti apongozi alira mokweza, ndipo ndinali nditakonzeka kuwagwira ngakhale mwambo ukuletsa. Iwo anangosuzumira m'tentimo, nkuyang'ana bedi lomwe anagonapo, bulangete lili chipindire mmene analisiyira.

"Kodi," anatero motsitsa. "Nchifukwa chake. Chichokere kuno sindinagonepo tulo ngati ta lero."

Anamasula tsache lija nkuyamba kusesa kuzungulira tenti, ngakhale panali posesedwa kale ndi antchito. Ankasesa akuyankhula m'Chitumbuka, ndipo zomwe ndinatolapo nzakuti ankauza Tamala kuti mng'ono wake ndi wodwala, amusiye mwanayu akhale, ndiponso kuti sanamutaye dala, anachita kuthamangitsidwa. Mzungu wamkazi uja anakweza kamera. Ndinakaima kutsogolo kwake mpaka anaitsitsa.

Atamaliza anawongoka, natembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anandiyang'ana m'maso, ndi maso awo otuwa aja.

"Mwana wane, katengeni mphero."

Ndinapita. Bwana ananena kuti lamulo silikulola kuchotsa kanthu m'nkhalango, ngakhale mwala. Ndinamuyankha kuti sindikuuchotsa, ndikuubwezera pomwe unabedwa. Mwalawo ndi wolemera zedi, moti a Mhango anatsamiritsa mfuti pamtengo nkundithandiza kuukhazika kuseri kwa tenti, kumutu kwa bedi. Bwana anaima patali, kapu m'manja. Sanapepese, ndipo tentiyo sanalonjeze kuisuntha.

Tinachoka teni koloko, chakudya cha m'mawa tinachisiya patebulo. Pa geti anandipatsanso buku kuti ndilembe zomwe taona. Ndinalemba kuti njovu zisanu ndi ziwiri, njati, mvuu, ndi Tamala Tembo, tenti nambala 3. Kalaliki anadinda osawerenga.

Lole yobwerera inatidula kwacha yathunthu aliyense, poti linali Loweruka. Pa Embangweni apongozi anatsika, nkhope yabwerera kumbali monga kale, ndipo anatuma yemwe uja wa zitumbuwa kuti auze akweni kuti ayende makora. Tsache analibe, analisiya pa mphero.

M'basi ya ku Boma ndinkalingalira za ulendowu, ndipo mkwiyo sunatsike. Njovu sindikuzida, nazo zimafuna pogona. Chimene chinandiwawa nchakuti amuna akuluakulu anazula miyala ya pamanda akudziwa, ine mwini ndinalemba bodza ndikudziwa, ndipo tonse tinkati tikusunga ntchito.

Ndinafika kunyumba faifi koloko. NyaTembo anali pakhonde akusankha nyemba, mapazi otupa atawasanjika pa mpando. Sanadikire kuti ndikhale pansi.

"Mwamupeza?"

"Tamupeza. Amayi asesa, ndipo amuuza."

Anatseka maso, dzanja lili pamimba, nkupuma mpweya wautali. Kenaka anafunsa ngati ali pabwino. Ndinati ali pamthunzi, pafupi ndi madzi, ndipo zina zonse ndinazisungira tsiku lina.

"Nanga mwanayu akabadwa, tidzapita naye bwanji kuti akamuone?"

Ndinavula jekete lafumbi lija nkulipachika pa msomali.

"Tidzanena kuti tikukaona njovu."