Motoka ya Amalume pa Tsiku la Ukwati wa Tisa

Tinafunika kunyamuka ku Kafue Estates dzuwa likutuluka, koma dzuwalo silinaoneke. Mvula inali itagwa mpaka kucha, ndipo nkhungu yochokera kumtsinje inaphimba nyumba zonse. Ulendo unali wa ku Shimabala, kukatenga Tisa, mdzukulu wa amalume anga, yemwe ankakwatiwa m'mawa womwewo.

Amalume anagula motoka yawo akugwira ntchito kunjanji, ine ndisanabadwe. Matenda a shuga atawachititsa khungu, chiwongolero anasiyira ine, koma Loweruka lililonse amaipukutabe okha mopapasa. Tisa anali atakana motoka zamakono za apongozi ake. Anati kutchalitchi akafika pa ya agogo ake basi.

Nditapotokola kiyi, sitata inazungulira koma injini osalira. Kachiwiri, chimodzimodzi.

"Leka, umaliza batire," anatero amalume, atatchera khutu. "Sitata ikuzungulira bwino, fungo la petulo ndikulimva. Chasowa ndi moto wa kumapulagi. Tsegula boneti."

Atavala kale suti yawo ya ku ukwati, anatsata mawaya ndi zala mpaka pa disitibyuta, kachipangizo kogawira moto kumapulagi. Anavundukula kapu yake n'kupisamo chala.

"Mame okhaokha."

Ndinapukuta ndi hanki, koma injini inangotsokomola. Apo n'kuti Bana Mwape, aneba athu a saluni, akuonerera pampanda. Amalume anawapempha choumitsira tsitsi.

"Ba shikulu, motoka nayo ifuna kupangiwa sisi?" anafunsa akuseka, kuwatchula agogo m'Chibemba, koma anabwera nacho. Tinapemerera mpweya wotentha m'kapu muja ndi pamawaya.

"Koka choko, kabatani kothandiza injini yozizira kulira, mafuta usaponde," anandiuza amalume. Injini inalira, Bana Mwape n'kululuta.

Tinalowa m'tauni sitolo zikutsegulidwa. Pafupi ndi siteshoni ya sitima panali chithaphwi chodzaza msewu, ndipo minibasi yotipitirira inatiwaza madzi mpaka m'boneti. Motoka inanjenjemera, n'kuzima pafupi ndi msika.

Kondakitala wa minibasi ina yodikira anthu anatiyandikira. "Bakamba, iyi isiyeni chabe! Shimabala, Chilanga, Lusaka, mipando iliko."

"Mwana wanga," anayankha amalume, "iyi inayamba kuyenda msewu uno amako asanamere mano."

Foni yanga inalira. Anali mayi ake a Tisa: abusa ali ndi ukwati wina ukatha wathu, motoka ya apongozi yafika kale, koma mwana wakhala pampando akulira, akuti sakwera. Amalume anamva zonse. Anangonunkhiza mphepo.

"Pali wina akuotcha chimanga apa. Tipite pafupi naye."

Mayi wa chimangayo anasuntha zitsononkho zake n'kutipatsa malo pa mbaula. Amalume anazula kapu ndi mawaya ake, n'kuzigwirizira m'mwamba patali ndi makala, akuziyesa kutentha ndi tsaya. Akusisita waya wina, chala chawo chinaima.

"Uyu wang'aluka. Moto ukuthawira apa."

Ine ndinachita kuyandikitsa maso kuti ndione kamng'aluko. Kondakitala uja, yemwe tsopano anali atasiya kuitanira anthu, anathamanga kukatenga tepi kwa dalaivala wake. Amalume anakulunga waya, n'kubwezera waya aliyense pa pulagi yake osasokoneza ngakhale mmodzi. Nditapotokola kiyi, injini inalira msika wonse n'kutembenuka.

"Ba shikulu, ndimwe bakali!" anakuwa kondakitala. Tinagula chimanga chiwiri n'kumapita.

Pamsewu wa ku Lusaka nkhungu inayamba kuyera. Ndinkawauza zimene tikudutsa: malole, minda ya chimanga chobiriwira, amayi akuyala tomato m'mbali mwa msewu. Iwo ankakukuta chimanga chawo, nthawi zina n'kundiuza kuti ndasintha giya mochedwa.

Ku Shimabala tinapeza anthu ali pachipata ndi maambulera. Tisa anatuluka atanyamula diresi lake kuti lisakhudze matope. Amalume atamva mawu ake anabisa manja kumbuyo, chifukwa anali bii ndi girisi. Tisa anawakoka manjawo n'kuwagwira onse awiri, magulovu ake oyera n'kuda pomwepo.

Zaka zonsezi ndinkati ndine ndimayendetsa amalume. M'mawa umenewo ndinadziwa kuti ndimangowagwirira chiwongolero.

"Kwera, mama," anatero amalume kwa Tisa, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, injini usazimitse."