Mugwedeze Kaye

A Chubu akhala akumata matayala pamphambano yathu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Shedi yawo ndi malata anayi, benchi, pampu yopondera ndi beseni la madzi akuda. Ine ndimasoka zovala khomo loyandikana nawo, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso anga.

Sukulu sanapite nayo patali. Chomwe amadziwa ndi mpweya. Akayandikiza chubu patsaya, amamva pomwe pabooka asanachiviike m'madzi. Akagogoda tayala ndi chala, amakuuza ngati lakhuta kapena ayi. Akazi awo anamwalira zaka zisanu zapitazo. Mwa ana atatu, awiri ali kutali. Anatsala ndi chitsirizira, wamkazi, amene amapakira katundu m'mashelefu musitolo yaikulu. Mwamuna wake amayendetsa thiraki, amaoneka pakhomo mwa apo ndi apo.

Chitsirizirayo atabereka mwana wamwamuna, tchuthi chake chinatha khanda lili ndi miyezi iwiri. Wolera panalibe. A Chubu anatsuka tayala lakale la galimoto, n'kuyalamo bulangete, n'kuliika pamthunzi pafupi ndi benchi. Mayi ake ankasiya mkaka wofinya, masana n'kuthamangira kudzayamwitsa. Mwanayo a Chubu anamutcha Bwana, chifukwa chilichonse ankaitanitsa mokalipa.

Vuto linali madzulo. Ikangokwana 3 koloko, Bwana ankapinda miyendo, kufunya zibakera, n'kuyamba kulira osapuma. Kamimba kake kankalimba gwa. A Chubu ankakagogoda ndi chala n'kupukusa mutu.

"Apopa mopitirira," ankatero.

Aphungu anachuluka. Mayi wogulitsa tomato anati vuto ndi zomwe make amadya. Wometa tsitsi anati mwana wamwamuna amayenera kulira kuti chifuwa chikule. Ine ndinati apite naye kuchipatala. Anapita. Namwino anamuyeza thupi, anamuika pasikelo, anamusisita pamimba, n'kunena kuti mwana ali bwino, ndi mpweya wa m'mimba chabe, udzatha wokha.

A Chubu anabwerako osokonezeka kuposa mmene anapitira.

"Atelala, mpweya umatha wokha ngati pabooka. Uyu sanabooke. Ndiye utha bwanji?"

Ndinabwerera pamakina anga osokera.

Nkhani inafika kwa asewere awo, mayi a mkamwini, amene amakhala ulendo wa tsiku lathunthu. Anaimba foni. Anati khanda silingaleredwe ndi bambo pakati pa matayala, ndipo Loweruka akubwera kudzamutenga. Chitsirizira ananena mosabisa.

"Ababa, mwanayu akapanda kusintha pofika Loweruka, ntchito ndisiya. Tipita kwa apongozi tonse awiri."

A Chubu anangoti, "Chabwino." Sichinali chabwino. Kukhala okha m'nyumba ankakuopa, ngakhale sakananena.

Lolemba m'mawa anapita kusitolo ya mankhwala. Kunali mzere. Wogulitsa, mayi wachitsikana wovala gauni yoyera, anawapatsa kabotolo ka madontho ochepetsa mpweya ndi kupotokola m'mimba mwa ana. Anawaonetsa muyezo pakachubu kodonthezera, n'kunena maso ali kale pa munthu wotsatira:

"Mugwedeze kaye bwinobwino, kenako mumumwetse."

Zilembo za pabotolo zinali ngati nyerere. A Chubu sanaziwerenge. Anafikira kwa ine.

"Atelala, khanda amaligwedeza bwanji?"

"Wanena ndani?"

"Wa mankhwala. Akuti ndimugwedeze kaye."

"Ngati wanena ndi iye, anaphunzira. Koma pang'onopang'ono, si thumba la simenti limenelo."

Umo ndi momwe ndinawathandizira kusochera.

Anaganiza m'mawa wonse. Kenako anapeza njira yawo. Anagoneka Bwana chafufumimba pamkono, mutu pachigongono, miyendo ili lendelende, monga momwe amanyamulira chubu chonyowa. Ankayenda kuchoka pabenchi kukafika pamtengo wa magetsi, n'kubwerera, mkono ukuyendera uku ndi uku, dzanja lina likusisita msana. Ankadikira mpaka mwana ageye kapena aphwise. Zikatero ndiye ankamumwetsa madontho aja. Botolo lokha ankalilemekeza. Ankalinyamula pashelefu ndi zala ziwiri, mosamala, kuti za m'kati zisasokonezeke.

Makasitomala ankadikira. Woyendetsa minibasi wina anatopa.

"A Chubu, tayala lili pamkonolo ndi saizi yanji?"

"Lanu laphwa, langa likukana kuphwa. Dikirani."

"Mwasiya kumata, mwayamba unamwino?"

"Mphwanga, moyo wanga wonse ndalimbana ndi kuphwa. Lero ndikupempherera kuphwisa. Usandifunse zambiri, nanenso sindikuzimvetsa."

Nthawi yomweyo Bwana anamasula, phwiii. Onse a pabenchi anawomba m'manja.

Lachitatu analira ola limodzi. Lachinayi theka la ola. A Chubu anatamanda mankhwala kwa aliyense wodutsa.

Lachisanu m'mawa anaunika botolo padzuwa. Pamwamba panali timadzi toyera mbee. Pansi panakhazikika zoyera ngati phala la laimu. Nkhope yawo inasintha. Anati amwetsa mdzukulu mankhwala owola masiku anayi. Ananyamula Bwana, ine ndinatseka khomo langa n'kuwatsatira.

"Amayi, mwandigulitsa zowonongeka. Taonani pansipa."

Wogulitsa analandira botolo, analigwedeza kanayi, lonse linayera mofanana.

"Agogo, simumagwedeza?"

"Ndimagwedeza tsiku lililonse. Mkono uwu ukuwawa."

"Ndiye zakhazikika bwanji?"

"Ndifunse inu."

"Tagwedezani ndione."

A Chubu anagoneka Bwana pamkono n'kuyamba kuyenda kutsogolo kwa kauntala. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Agogo! Botolo! Ndinkanena botolo!"

"Munati mugwedeze."

"Eya, inuyo mugwedeze. Ndikanakhala kuti ndikunena mwana, ndikanati mumugwedeze."

"Mukanakhala kuti mukunena botolo, mukanati muligwedeze."

Anthu a pamzere anagawikana. Bambo wina wa tayi anati agogo akulondola. Mayi woyembekezera anati aliyense amadziwa kuti chogwedeza ndi botolo. Ine sindinatenge mbali, pakuti ndinali ndi gawo langa pamlanduwo.

Wogulitsa anasiya kuseka. Anawauza kuti khanda saligwedeza mwamphamvu ngakhale pang'ono, mutu wake ndi wanthete. Anawauza abwereze momwe amachitira, anayang'anitsitsa, n'kupuma.

"Kumeneko ndi kutonthoza, palibe vuto. Koma mankhwala enieni anatsalira pansi. Mwakhala mukumumwetsa timadzi ta pamwamba."

"Nanga wachira ndi chiyani?"

"Mwina mkono wanuwo. Mwina nthawi yake yangokwana."

"Ndiye botololi ndinaguliranji?"

"Limathandiza ena."

"Ena ati?"

Mayiyo anaitana wotsatira.

Ndinabwerera kushedi ndi a Chubu. Anali ndi mantha atsopano. Ngati sakudziwa chomwe chinagwira ntchito, mawa abwereza chiyani?

Loweruka asewere anafika masana ndi chikwama chopanda kanthu, cholongedzeramo zovala za mwana. Anayang'ana tayala la bulangete lija. Chitsirizira analipo. 3 koloko itakwana, Bwana anapinda miyendo n'kuyamba.

Asewere anamutenga. Anagwedeza botolo monga munthu wodziwa, anamumwetsa, anamuika paphewa. Analirabe. Make anamuyamwitsa. Anakana bere. Asewere anayang'ana chikwama chawo.

A Chubu anali akumaliza kumata chigamba. Anachisindikiza, anasamba m'manja ndi sopo, anapukuta.

"Asewere, tandibwerekani."

Anamugoneka pamkono. Benchi, mtengo wa magetsi, benchi. Ulendo wachisanu Bwana anageya. Wachisanu ndi chiwiri anaphwisa motalika. Wachikhumi anali mtulo, dovu likutsikira pachigongono cha agogo ake.

"Mwaona, mankhwala agwira," anatero asewere. "Nkhani inali kugwedeza botolo basi."

"Ndi mkono wa ababa," anatero chitsirizira.

"Namwino anati udzatha wokha," ndinatero ine.

Tinakangana mpaka Bwana anatsala pang'ono kudzuka. Koma asewere ndi munthu wowerengera zinthu. Botolo akanatha kupita nalo. Mkono sakanatha. Lamlungu anakwera basi okha, chikwama chili chopepuka monga chinabwerera.

Chitsirizira akadali pantchito. Bwana tsopano ali ndi miyezi isanu, amagona m'tayala lomwe lija, kulira kwa madzulo kunatha. Botolo linatha kalekale ndipo sanagulenso. Botololo lili pafupi kutha, a Chubu ankagwedeza zonse ziwiri, botolo kenako mwana, kuopa kulakwa.

Dzulo ndinawafunsa kuti pamapeto pake chinachiritsa n'chiyani.

"Sindikudziwa, atelala. Chubu ndimachiviika m'beseni, thovu limandiuza. Uyu ndimuviika pati?"

Kenako anaponda pampu. Panali njinga ikudikira.