Malonje a Dyton

Dyton Alufandika anabwerako ku Mozambique ndi miyendo yonse iwiri, koma maondo anawasiya komweko. Amatero anthu a ku Nkhunga, omwe nkhani ya mnzawo saigoneka pansi.

Tsiku limene anatsika basi, mayi ake, Nangondo, anayala mphasa pabwalo kuti mwana agwade, apereke malonje monga achitira aliyense wochokera ku ulendo. Iye anawadutsa ngati chitsa n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Mayi anaseka, nati n'kutopa. Zaka zinadutsa, matipate anabwera, anthu anayamba kukuwa zimene kale ankanong'ona, koma malonje aja osaperekedwa.

Mwano ayi, Dyton analibe. Pamene anali msilikali wolondera njanji, m'tchire la kumeneko munali munthu amene ankangomutchula kuti Mlenje. Palibe anamuonapo. Ankakwera mumtengo kusanache n'kukhala phee tsiku lonse, nyerere zikumuyenda, diso lili pamfuti. Sankawombera chisawawa. Ankadikira aone amene wamenyeredwa saluti, amene wapatsidwa mpando, amene wayamba kulandira madzi. Ameneyo ndiye wamkulu. Chipolopolo chimodzi, munthu khu pansi, kulira kwa mfuti n'kumafika pambuyo ngati mlendo wochedwa. Akuluakulu anavula nyota zaudindo, asilikali n'kuphunzira kuwaitana mayina ngati anzawo a kudambwe. Kumeneko munthu amene umamukonda sunkamupatsa ulemu, chifukwa ulemuwo ndiwo unkamulozera Mlenje.

Atabwera, anayamba kukonza njinga m'mbali mwa msewu wa ku Dwangwa, msana atatsamira khoma. Machubu ankamata bwino ndipo odula nzimbe ankamukonda, ngakhale ankadandaula kuti mabelu awo amawapaka matope kuti asawale. Akamatentha minda ya nzimbe, phulusa linkatsika pang'onopang'ono ngati nthenga zakuda. Dyton ankaliyang'ana, sipanala ili m'manja, mpaka msewu usanduke njanji, nzimbe zisanduke tsekera, ndipo kutali pamwamba pa mgwalangwa kanthu kankaphethira. Ankadziwa kuti ndi tsamba chabe. Mutu unkadziwa ndithu, losamva linali thupi. Anayesapo kuwagwadira mayi ake m'nyumba, chitseko atatseka, koma pazenera panali kampata.

Nangondo atadwala, anthu apakhomo anawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa. Abale ankabwera, kugwada, kuwomba m'manja. Dyton anaima pakona.

"Dyton, mwanawe, ndinakulakwira chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Palibe, amayi."

"Nanga bwanji? Nkhondo inatha kale. Ana a eni akundigwadira, wanga wobala ndekha ayi. Za ulendo wako ndikamva kwa yani?"

Dyton anavula chipewa, bondo limodzi n'kuyamba kupindika. Maso anathawira ku mtengo wa mango wa kuseri kwa mpanda, ndipo nthambi ina inagwedezeka popanda mphepo. Anawongoka.

"Lowani m'nyumba, amayi. Pano m'poonekera."

Mayi anatembenukira kukhoma. Zinamuwawa Dyton, zinamuwawa kwabasi, koma mumtima anati wawapulumutsanso lero.

Nangondo sanachire. Kumanda, dzuwa lili paliwombo, nkhata zitaikidwa, anthu akuyamba kumwazikana, Dyton anapita pa mtumbira, poyera, mitengo itamuzinga mbali zonse. Anagwada maondo onse awiri n'kuwomba m'manja mofatsa. Ena anang'ung'udza kuti ulemu wochedwa ngwachiyani, koma iye sanawamve. Sanayang'anenso m'mitengo, pakuti panalibe woti n'kumuteteza.

"Amayi, ndabwerako," anatero. "Kumene ndinapita kunali kovuta, koma ndayenda bwino. Kaya inu otsala?"