Chitenje pa Seva

Mchimwene wanga Enerst ndi munthu wapakamwa. Ku Kawale konse amam'dziwa: akayamba kukamba za makompyuta pamaliro, anthu amaiwala kuti abwera kudzalira. Koma tangotchulani dzina la Mai Olipa, muone mmene amazizirira ngati nkhuku yonyowa. Ine ndine mlongo wake, nkhaniyi ndikuidziwa bwino, ndipo imandipsetsa mtima mpaka lero.

Mu 1997 Enerst ankagwira ntchito pa kampani ina yopikulitsa katundu ku Old Town. Ntchito yake inali kusamala seva, kompyuta yaikulu imene makompyuta ena onse a mu ofesi ankasungamo zinthu zawo. Inali ndi kachipinda kakekake, ndipo ololedwa kulowamo anali iyeyo ndi Mai Olipa a ku Biwi, amene ankasesa ndi kukolopa. Anali amayi amasiye ochokera ku Dedza, aukhondo wonyanyira. Akamaweruka ankafunditsa seva ija chitenje chawo kuti isadye fumbi, m'mawa n'kuchichotsa. Palibe anawatuma, palibenso anawaletsa.

Chaka chimenecho anaika pulogalamu yatsopano yoyendetsera seva, ya Windows NT, koma memole, kumene kompyuta imagwirizira zimene ikuchita, inali yochepa, ndiye makina ankayenda ngati ngolo yodzaza chimanga. Abwana anaitanitsa memole yowonjezera ku Joni, timatabwa tinayi tobiriwira, tonga chipeso. Enerst ankatitcha mapasa, chifukwa tinkalowa tiwiritiwiri, tofanana ndendende. "Mapasa salekanitsa," ankatero kunyumba, akudzitama. "Ukagulira wina malaya, gulira mnzakenso." Komanso ta seva sitinali ngati ta kompyuta wamba. Pakalakwika kanthu timatabwati tinkazindikira, n'kuimitsa makina zinthu zisanaonongeke.

Ndiye panabwera alamu ake, a Medson, amene anali ndi kompyuta imodzi ku Mchesi yotayipira makadi a ukwati. Akuti inkachedwa kwambiri. Inu mukudziwa, mlamu amene anakuimirira pa chinkhoswe sum'kaniza chinthu maso ali gwa. Enerst m'malo moti akane, anangoseka. Anatenga mapasa awiri a kampani kukaika ku Mchesi, n'kutenga akale a alamuwo, ongotoleza, kudzalowetsa mu seva. Seva itakana kudzuka, anazimitsa mbali yake ija yozindikira zolakwika. Inadzuka, iye n'kudziguguda pachifuwa.

Kunja zinthu zinkaoneka bwino, koma m'kati manambala ankasokonekera mwakachetechete. Tsiku lina m'mawa seva inangoti zii, zonse zokhudza katundu wa m'sitolo zitasanduka phala. Abwana, a Gilford, anathamangira m'kachipinda muja n'kupeza chitenje chikadali pamwamba, poti tsikulo minibasi inawachedwetsa Mai Olipa.

"Enerst, chitenje ichi chingaphe makina?" anafunsa abwana.

Apa m'pamene ndimafuna kum'waza khofi. Akanangoti ayi, basi! Koma anayang'ana pansi, nati, "Akatenthedwa, bwana, zimatheka."

Mai Olipa atafika anauzidwa kuti ngakhale Enerst wanena kuti vuto ndi chitenje, ndipo anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Loweruka Enerst anakatenga mapasa aja ku Mchesi n'kuwabwezera m'malo mwake. Seva inachira, abwana n'kumuyamikira pamaso pa anthu onse.

Kuyambira pamenepo munthuyo anasintha. Popita kuntchito ankazungulira njira yaitali kuopa kudutsa ku Biwi, ndipo mawu oti mapasa anasiya kuwatchula. Chaka chitatha anandiuza yekha, misozi ili lengelenge, kuti mtima ukumudya. Ine sindinam'mvere chisoni ayi. Ndinati misozi yakoyo sidyetsa ana a Mai Olipa, tiye ukawauze zoona. Ndinam'perekeza ndekha kuti asathawire panjira.

Tinawapeza pa siteji ya minibasi ku Biwi, akugulitsa zitumbuwa. Beseni linali losavundikira, fumbi la minibasi likugwera momwemo, ogula akungowadutsa kupita kwa anzawo ovundikira bwino.

"Aa, achimwene a makina!" anatero Mai Olipa akudzuka mwaulemu. "Pepanitu, ndinakuvutitsani ndi umbuli wangawu."

Enerst anabisala kumbuyo kwanga. Ndinayamba ndine: "Amayi, bwanji osavundikira zitumbuwazi? Fumbitu ili."

Anaseka, akumanga bwino m'chiuno chitenje chomwe chija. "Iii, mwanangu, ine ndinaphunzira. Chinthu chotentha sindivundikiranso. Ananena ndi achimwene omwewa, odziwa zinthu."

Ndinam'tsina Enerst pamkono kuti lankhula, iwe. Anatsegula pakamwa, munthu wapakamwa uja, Mai Olipa akum'yembekezera ndi nkhope yosangalala.

"Tipatseni ziwiri," anatero Enerst.

Anadya zonse ziwiri ataima pomwepo, mchenga ukulira m'mano, osalavula.