Gogodela Yonyezimira

Ndinalakwitsa poipaka polishi. Matenda oiwala atawagwira bambo anga, dzina langa linawathawa, koma mfuti ya gogodela ya agogo ankaifunsa tsiku lililonse. Ine, katswiri wophunzira ku laibulale ya ku Barking, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinasema yamtengo mpaka zala zinatuluka matuza, ndikufanizira zithunzi za m'buku lina za mfuti zakale zoyaka ndi mwala. M'bukumo munali za ku Amereka zokhazokha. Ndinkati akaigwira, mwina andizindikira.

Bambo anaiyang'ana ikunyezimira, kenako anandibwezera mwaulemu. "Pepani bwana, si yathu iyi."

Ndinakakhala pa masitepe panja, misozi ikulengeza. Aneba athu, obadwira pa famu ku Zimbabwe, anaitenga n'kuitembenuza.

"Achimwene, ya kwathu yosathyokapo munaionapo? Ithyoleni apa, muimange ndi chikopa, mukawapatsenso."